Mayankho Amene Ndinamata pa Thabwa

"Nambala seveni?"

"C."

"Walakwa. Ndi A."

Mwana wanga anayang'ana m'buku nthawi yaitali. Anakhala pa chitseko chimene ndinali ndisanamalize kupala, buku lili pamwendo, choko cha kusukulu chikadali m'zala. Ine ndinaima kuseri kwa benchi, thabwa la mayankho nditaligwirira pachifuwa kuti asaone.

"A bwanji, Adada? A ameneyu ndiye woipa kuposa onsewo."

"Bukulo sindinalembe ndine. Nambala eyiti."

"E."

"Walakwa. Ndi B."

Tinapita choncho mpaka nambala twente. Akakhoza ndinkalemba kamzere pa chidutswa cha paini, akalakwa ndinkalemba mtanda. Titamaliza ndinamutembenuzira chidutswacho. Timizere tinali tinayi.

"Dzana ndinakhoza seventini," anatero.

"Dzana linali dzana."

Anatseka buku, anapukuta utuchi pa siketi yake, anathokoza kuti yewo, n'kumapita. Limeneli linali gawo lachiwiri la mafunso ake a Chingerezi.

Ndine mmisiri wa matabwa. Kwathu ndi ku Ntchisi. Ku Rumphi ndinabwera ndi ntchito ya boma yokonza zitseko ndi madenga, ndipo ndinakwatira konkuno, mkazi wa ku Henga. Zipani zitachuluka ntchito ija inatha. Ndinamanga shedi ya malata kumunsi kwa msika wa pa Boma, n'kumapanga mipando, zitseko ndi mafelemu a mawindo. Sukulu ndinalekeza Sitandade Sikisi. Chichewa ndimawerenga, tepi yoyezera ndimawerenga, zilembo ndimazidziwa zonse. Chingerezi ndimamva chongotumidwa nacho.

Abale a mkazi wanga ndi anthu a sukulu: aphunzitsi, anamwino, akulu a mpingo. Mchimwene wake wamkulu, alamu anga, anali hedi pa sukulu ina ya mishoni mpaka kupuma. Mkazi wanga atamwalira, mwana ali Folomu Thuu, alamuwo anabwera kudzanena kuti amutenge akakhale ku Henga kumene kuli mabuku. Ananena mwaulemu. Ndinakana mopanda ulemu. Kuchokera tsiku limenelo nkhani iliyonse ya sukulu ya mwanayo inkandibaya, ngakhale itanenedwa mokoma.

Mwanayo anaphunzira. Anapita kukoleji, anabwera ndi digiri, anayamba kuphunzitsa pa sekondale ina pafupi ndi pa Boma. Kenako kunabwera kalata yochokera kusukulu ya kunja. Inkati amusungira malo a digiri yachiwiri chaka chimenecho chokha, akakhoza mayeso ena amene amalembedwa ku Lilongwe. Masamu a mayesowo sankamuvuta. Chimene chinkamuopsa ndi Chingerezi chake.

Anandifotokozera kamodzi. Amakupatsa ziganizo zisanu zonena chinthu chimodzi, zofanana ngati matabwa a mtengo umodzi, iwe usankhe chimene mwini chinenerocho anganene. Zina zimasiyana pa kamawu kamodzi kakang'ono. Ena mwa timawuto alibe chifukwa, umangoyenera kudziwa kuti mawu akuti amayenda ndi kakuti.

"Ndiye ungoloweza," ndinatero.

"Ndi ambiri chomene, Adada. Munthu amadalira khutu."

Ananenanso kuti zotsatira za mayesowo zimapita zokha kusukuluko, ndipo ukalephera moipa amaziona. Choncho anadziikira lamulo. Fomu yolembetsera inkayenera kutumizidwa lisanadutse Lachisanu lomaliza la mweziwo. Akamakhoza fifitini pa twente, atumiza. Akamalephera, satumiza.

Buku lophunzirira anapatsidwa ndi mnzake wa kuntchito. Mayankho anali kumapeto kwake. Iye ankadzidziwa kuti maso ake amathawira kumeneko, choncho anadula mapepala a mayankhowo ndi lezala, asanu ndi limodzi, osawawerenga. Alamu anga anati awatumize ku Henga, azipita Loweruka lililonse kukachongetsa. Ndinamva zimenezi ndili pa benchi.

"Kuwerenga A, B, C kukufunika ahedi?" ndinafunsa.

Tsiku lotsatira anabwera nawo kwa ine.

"Muzingondiuza chilembo, Adada. Chifukwa chake ndizifufuza ndekha, ndi mmene chimakhalira m'mutu. Ndipo musandionetse mapepalawa. Ngakhale ndipemphe, mukane."

"Ndamva."

"Ngakhale ndilire."

"Ndati ndamva."

Inali nyengo ya mphepo. Pa Boma pamawomba mphepo yonyamula fumbi ndi mapepala a mumsika n'kukawakoleka pa mipanda. Iye atangochoka, pepala limodzi linauluka, ndinakaligwira pafupi ndi ogulitsa tomato. Ndinaona kuti akakhala chonchi satha sabata. Ndinatenga pulayiwudi yotsala pa kabati, ndinaipala m'mbali, ndinaipaka guluu woyera, ndinayala mapepala aja limodzilimodzi monga anasanjikirana. Pa pepala lililonse panali manambala, pambali pa nambala chilembo chakuda, kenako timawu ting'onoting'ono ta Chingerezi. Ndinaona kuti kumbuyo kulinso zolemba. Ndinangoponyako diso, ndinati ndi timawu tomweti tikupitirira, sitikundikhudza. Guluu sadikira munthu. Pa ntchito yathu umayang'ana nkhope ya thabwa, kumbuyo kumapita kukhoma.

Mapepalawo anatalika kuposa thabwa. Ndinaika sikweya, ndinadula pamwamba pawo ndi mpeni kuti alingane. Mizere ya mawu imene inali pamwambapo inagwera mu utuchi. Kenako ndinalemba ndekha ndi pensulo: 1, 2, 3, mpaka 6. Ndinaboola kabowo, ndinalikoleka pa msomali kuseri kwa kabati ya zida, nkhope yake itayang'ana kukhoma. Inali ntchito yaukhondo. Ndinaikonda.

Ankabwera akaweruka, masiku awiri pa sabata. Ndinkavula wotchi, kuiika pa benchi, kumupatsa mphindi makumi awiri ndi zisanu. Nthawi imeneyo sindinkamenya hamala kapena kucheka, ndinkangopala ndi sandipepa. Nthawi ikakwana ndinkagogoda pa benchi, iye n'kuika pensulo pansi. Gawo loyamba anakhoza seventini. Lachiwiri ndi lija la zinayi. Lachitatu anakhoza zisanu.

Tsiku la gawo lachitatu titamaliza anati, "Adada, mukuwerenga mzere woyenera?"

"Ukuti chiyani?"

"Ndikungofunsa. Mwina chala chadumpha mzere."

"Chala chimene chakulera iwe? Ndimayeza mamilimita ndi maso awa. Ukuona ngati sindidziwa B ndi D?"

"Sindinatero."

"Ukalephera, lephera wekha. Usandikokeremo ine."

Anaweramitsa mutu. Kenako anati, "Chabwino, tandiwerengereni timawu ta pansi pa nambala folo. Timeneto tokha."

Ndinayang'ana timawu tija. Tinali ngati nyerere. Mawu oyamba ndikanawatchula, achiwiri anali aatali, ndipo ndinadziwa kuti ndikayesa aseka, kapena adziletsa kuseka, chimene chikanandipweteka koposa.

"Unati chilembo basi."

"Ndiye ndionetseni ndione ndekha."

"Unati ndikane."

Sanafunsenso. Mwana ameneyu anakula akudziwa pamene bambo ake amapsa, ndipo ankapazemba ngati mmene munthu amazembera msomali wotuluka pa mpando.

Anagula kope latsopano. Funso lililonse limene ndinamuuza kuti walakwa ankalilembamo, ndi chilembo chimene ndinamupatsa, n'kumafufuza chifukwa chake. Nthawi zina ankachipeza, kapena ankadzikakamiza kuti wachipeza. Ankawerenga chiganizo mokweza kawiri katatu, n'kunena kuti, "Kapena amanenadi choncho kwawoko." Koyambirira kwa bukulo kunalembedwa kuti mafunso amanka nalimba, ndipo ngakhale odziwa bwino chinenerocho amagwa nawo. Iye anakhulupirira. Anandiuza kuti tsopano akaima m'kalasi n'kuyamba chiganizo, amaima pakati, osadziwa kamawu kotsatira. Ana asukulu anayamba kumumalizira.

Ine nthawi imeneyo ndinali pabwino. Amayi ogulitsa tomato ankationa tsiku ndi tsiku, ndipo anayamba kunditchula kuti aphunzitsi.

"Aphunzitsi, mwana wasukuluyo wakhoza zingati lero?"

"Akuyesa," ndinkayankha.

"Mumumenye akalakwa, musamuleke poti ali ndi digiri."

Munthu wina atabwera kudzatenga mipando yake, anafunsa za thabwa lija. Ndinamuuza kuti digiri yachiwiri ikupalidwa pa benchi pompano. Anaseka, inenso ndinaseka. Pa maliro ena ku Henga ndinakumana ndi alamu anga, anafunsa mmene zikuyendera, ndinati Chingerezi chimene anthu ena amanyadira si chimene amafunsa kunjako. Anangoti, "Yewo, alamu," n'kuyang'ana kumbali.

Loweruka lina mwanayo anapita ku Mzuzu kukajambulitsa zithunzi za pa fomu. Pobwera ananditengera chitini cha guluu wachikasu womatira fomika, poti ndinali ndi tebulo la munthu lodikira, ndipo woyera uja anali atatha. Kunatsala masiku asanu ndi limodzi kuti Lachisanu lija lifike.

Lolemba anachita gawo lachisanu. Tinayenda monga mwa masiku onse, mitanda yambiri, timizere tochepa. Titafika pa twente ndinatsitsa thabwa.

"Twente wani, D," anatero iye.

Ndinayang'ana pa pepala langa lachisanu. Linathera pa twente. Pansi pake panali poyera.

"Adada? Twente wani."

"Alipo angati?"

"Twente faifi. Gawo ili ndi lalitali."

Apa ndi pamene ndikanayenera kuika thabwa pa benchi n'kunena kuti taona, china chake chalakwika. Ndinakweza thabwa pafupi ndi nkhope ngati ndikuwerenga.

"Walakwa. Ndi B."

"Twente thuu, A."

"Wakhoza."

Zisanu zonsezo ndinazipeka. Ziwiri ndinamupatsa, zitatu ndinamumana, kuti zifanane ndi masiku ena. Zitatu zimenezo anazilemba m'kope lake kuti akafufuze chifukwa.

Atachoka ndinakhala pansi ndi thabwa lija. Ndinalowetsa nsonga ya mpeni pansi pa ngodya ya pepala loyamba, ndinakweza pang'onopang'ono mpaka ngodyayo inatuluka kukula ngati chikhatho. Ndinasuzumira. Kumbuyoko kunali nambala wani, pambali pake chilembo chakuda. Pansi pake nambala thuu, chilembo china. Sitinali timawu topitirira ayi. Anali mayankho a gawo lina, oyambira pa wani.

Ndinawerenga pa zala. Pepala loyamba, kutsogolo gawo loyamba, kumbuyo lachiwiri. Ndiye kuti pamene iye ankachita gawo lachiwiri, ine ndinkamuwerengera mayankho a lachitatu. Pamene ankachita lachitatu, ndinkawerenga a lachisanu. Kupatula tsiku loyamba lija, palibe tsiku limene ndinamuuza zoona. Ndipo mizere imene ikanandichenjeza ndinaidula ndekha ndi mpeni womwewu kuti mapepala alingane.

Ndinatsegula chitini chachikasu chija, ndinapaka pang'ono, ndinamatanso ngodyayo, ndinaikanikiza ndi chala chachikulu. Ndinakoleka thabwa pa msomali wake.

Ndinadziuza kuti ndimuuza mawa. Lachiwiri ndinapitadi kunyumba yake ya kusukulu. Ndinamupeza akuchonga makope a ana pakhonde. Anandipatsa mpando, anandipangira tiyi. Ndinatsegula pakamwa, ndipo zimene zinatuluka ndi zakuti chitseko chake chakumbuyo chikukhula pansi. Ndinachichotsa, ndinachipala, ndinachibwezera, n'kubwerera.

Panjira ndinkaona alamu anga akumva nkhaniyi. Sakanaseka. Akanangogwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene zimene ankaziyembekezera zachitika. Ndinkamva amayi a tomato akuti aphunzitsi. Ndinkakumbukira mawu anga omwe, akuti lephera wekha. Palinso china chimene ndachikana zaka zambiri, koma ndichilemba. Pamene ndinaona kuti mwina sapita kunja, m'chifuwa mwanga munapepuka. Ndinali ndi mwana mmodzi, ndipo ndinkamva za anthu amene ana awo anapita kukaphunzira zaka ziwiri, n'kumangotumiza zithunzi.

Lachitatu anabwera kudzachita gawo lachisanu ndi chimodzi. Ananena kuti limeneli ndi lomaliza kuyesa. Ndinavula wotchi, ndinatenga sandipepa, nthawi itakwana ndinagogoda. Ndinkadziwa kuti mayankho ake enieni ali kumbuyo kwa pepala lachitatu, atamatidwa ku thabwa, pansi pa dzanja langa lamanzere. Ndinawerenga a pepala lachisanu ndi chimodzi.

"Walakwa."

"Walakwa."

"Walakwa."

Masiku oyamba aja ndinkanama osadziwa. Tsiku limeneli ndinkadziwa chilembo chilichonse. Anakhoza zitatu. Sanalembe kanthu m'kope. Anangokhala akusewera ndi phala la paini, kulikulunga pa chala, kulimasula.

"Asibweni ankati ndili ndi khutu la Chingerezi," anatero, kunena alamu anga aja. "Khutu lake la ku Henga."

"Tumiza fomuyo basi," ndinatero. "Mwina tsikulo zikayenda."

"Zitatu pa twente, Adada. Ndikapite kukadzichititsa manyazi pamaso pa anthu amene andikhulupirira?"

Ndinaona ngati ndayesa. Ndinamuuza kuti atumize, wakana yekha. Ndinagwira maganizo amenewa mwamphamvu masiku awiri.

Lachisanu ndinagwira ntchito pa tebulo la fomika lija. Kuchokera pa shedi yanga mumamveka oitanira ma minibasi a ku Mzuzu. Ndinawamva m'mawa, ndinawamva masana. Fomuyo inkayenera kukatumizidwa ku Mzuzuko, ndipo ndinkadziwa kuti mwanayo akakwera isanakwane leveni, afika nthawi yabwino yotumizira. Leveni itadutsa ndinati thwelofu ikadali bwino. Kenako ndinasiya kuyang'ana wotchi. Fomu ija, ndi zithunzi zake, inakhala mu envelopu pa tebulo lake. Kalata ngati ija sinabwerenso.

Loweruka chakumasana ndinaona alamu anga akutsika kuchokera kumsika, atavala jekete lawo la kutchalitchi, ambulera m'manja ngakhale kunalibe mtambo. Mwanayo anali pambuyo pawo atanyamula buku ndi makope awiri.

"Monire, alamu."

"Yewo."

Ndinawapatsa mpando watsopano. Anafunsa za ntchito, za mtengo wa mlombwa, za chifuwa changa. Kenako anatsegula kope la mwanayo pa bondo.

"Mama uyu anabwera kwathu dzulo madzulo kudzandiuza kuti zalephereka. Ndakhala ndi kope ili m'mawa wonse. Ine ndakalamba, alamu, Chingerezi changa ndi cha ambuye a mishoni, kapena chinasintha. Koma yankho ili," anagogoda ndi chala, "ngakhale mzungu woledzera sanganene choncho. Mundilole ndione mapepala aja."

"Anati ndisaonetse munthu."

"Ndinati musandionetse ine," anatero mwanayo. "Zatha tsopano, Adada. Apatseni."

Ndinapita kuseri kwa kabati, ndinachotsa thabwa pa msomali. Alamu analilandira ndi manja awiri. Anavala magalasi.

"Ntchito yabwino chomene," anatero, akusisita m'mbali. Anali kunena zoona, ndipo zinandiwawa.

Anayang'ana manambala anga a pensulo. Anayang'ana pamwamba pa mapepala pamene ndinadula. Anatenga buku, anatsegula koyambirira, anatsitsa chala pa mndandanda.

"Mama, magawo ali m'bukumu ndi angati?"

"Thwelofu."

"Apa ndikuona sikisi."

Kumsika wina ankakangana ndi wogulitsa usipa. Alamu anapendeketsa thabwa ku dzuwa, ndipo zilembo za kumbuyo zinaonekera pang'ono kupyola pepala.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "guluu ameneyu amachoka?"

"Amachoka ndi madzi ofunda."

Ndinapempha madzi kwa mayi wophika tiyi. Ndinanyowetsa kansalu, ndinayala pa pepala loyamba, ndinadikira, ndinalowetsa mpeni. Manja anga ankadziwa chochita. Pepalalo linanyamuka bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi, kupatula ngodya imodzi. Pamenepo linakana. Guluu wachikasu samva madzi. Ndinakoka, ngodyayo inang'ambika n'kutsala pa thabwa, ili ndi banga lachikasu lozungulira ngati ndalama yachitsulo. Ndinaika chikhatho pamenepo, ndinapereka pepala kwa alamu.

Analiyanika pa bondo, analitembenuza. "Tsegula kope lako la mayankho, mama. Gawo lachiwiri. Nambala wani?"

"B."

"Wakhoza. Thuu?"

"D."

"Wakhoza."

Ine ndinapitiriza kunyowetsa pepala lachiwiri ndi dzanja limodzi. Kumbuyo kwanga mawu aja ankangobwera, wakhoza, wakhoza, wakhoza. Atafika pa seveni mwanayo anati C, alamu anati wakhoza. Pa eyiti anati E, anakhozanso. Analakwa ziwiri zokha. Anatenga pepala lachiwiri likadali lonyowa, anachonga gawo lachitatu ndi lachinayi. Sikisitini, seventini. Amayi a tomato anali atasiya kuitana ogula.

Mwanayo sanalire. Anatenga kope lina lija, la zifukwa, limene analidzaza masabata awiri, analitsegula, analiyang'ana, analitseka.

Alamu anavula magalasi, anawapukuta ndi mpango. "Zimachitika izi," anatero. "Aliyense akanatha kulakwitsa chonchi. Bambo ako anafuna kuwasamala mapepalawa, mphepo ya kuno ukuidziwa. Inenso chaka china ndinachonga kalasi yonse ndi mayankho a kalasi ina." Sindikudziwa ngati zinachitikadi. Ankandiponyera chingwe, ndipo ndinali wokonzeka kuchigwira.

"Ndi choncho," ndinatero. "Sindinaone kumbuyo."

Mwanayo anaimirira, anabwera pa benchi kuti athandize kuchotsa pepala lachitatu. Anagwira thabwa mbali ina, ndipo kuti ndigwire mpeni ndinachotsa chikhatho chija. Anaona kangodya kotsala. Anakakanda ndi chikhadabo. Anaweramira, ananunkhiza. Mwana ameneyu anaphunzira kuyenda atagwira mwendo wa benchi lomweli, ndipo guluu amamudziwa.

Anayang'ana pa shelefu. Chitini chachikasu chinali pomwepo, chivindikiro chake chili ndi zala zanga.

"Uyu ndi guluu amene ndinabwera naye Loweruka latha," anatero.

Alamu anayang'ana iye, anayang'ana ine. "Mama, tiye timalize kaye magawo enawo."

"Dikirani, Asibweni." Sanakweze mawu. "Mapepalawa munawamata masabata atatu apitawo ndi woyera. Apa pokha pali wachikasu. Munatsegulapo, Adada."

Madzi a m'kansalu ankadontha pa nsapato yanga.

"Lolemba, pa twente wani paja, munachedwa kuyankha." Anandiyang'ana. "Lachiwiri munabwera kunyumba. Lachitatu munandiwerengeranso. Munadziwa liti, Adada?"

Alamu anatsitsa maso pa ambulera yawo. Mwanayo anadikira, chala chake chikadali pa banga lija.

Ndinapukuta mpeni pa thalauza, ndinauika pa benchi pambali pa wotchi. Ndinatenga chipewa pa msomali. Ndinadutsa pakati pa iye ndi alamu, ndinadutsa amayi a tomato, amene tsiku limenelo sanandiitane dzina lililonse, ndinatsika ndi msewu wa kumlatho, shedi ndi zida zanga zonse zili pambalambanda.